Kiyibodi Ikakana Kugwira Ntchito Poyatsa Kompyuta Yakale

Makompyuta ambiri amene ali m'makomo mwathu, m'masukulu ndi m'timashopu totayipira makalata ndi akaunjika. Anayamba agwira ntchito zaka zingapo m'maofesi a kunja, monga ku UK, asanafike kuno pamodzi ndi makiyibodi ndi nthambo zake. Ndi makina olimba, koma ukalamba uli nawo. Tsiku lina mumayatsa, fani n'kumalira bwinobwino, sikirini n'kuwala, koma kiyibodi ili zii. Pena pa sikirini yakuda pamabwera mawu oyera akuti "Keyboard error or no keyboard present" kapena "Keyboard failure", kompyuta n'kuima pomwepo kudikira kuti mudine F1. Pena imangolira kuti pi pi pi osaleka. Pena Windows imatseguka ndithu, koma pamalo olemba pasiwedi sipatuluka chilembo ngakhale chimodzi.

Vuto limeneli silifuna kufomata kompyuta. Ndikunena zimenezi poyambirira chifukwa mabanja ataya zithunzi za ukwati, makalata a malo ndi ntchito za ana a sukulu atauzidwa kuti "Windows yafa, tiikemo ina". Ngati uthenga ukubwera pa sikirini yakuda Windows isanayambe n'komwe, Windows ilibe mlandu. Chofunika ndi kupeza nthawi yeniyeni imene kiyibodi ikusiyira kumva, ndipo zimenezo mungathe kuchita nokha pakhomo popanda kutulutsa ndalama.

Yambani ndi timagetsi titatu

Mukangodina batani loyatsira, kompyuta imayamba yadziyeza yokha. Pulogalamu yaing'ono yotchedwa BIOS, imene imakhala m'kachipu pa motherboard (bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta), imafunsa ziwalo zonse ngati zilipo: memore, sikirini, hadi disiki ndi kiyibodi. Kudziyezaku akatswiri amakutcha POST. Nayonso kiyibodi ili ndi kachipu kake m'kati. Ikalandira magetsi a mavoti 5 kudzera m'nthambo yake, imadziyeza, kenako imauza kompyuta kuti ili bwino. Nthawi imeneyo timagetsi titatu tapamwamba chakumanja, ta Num Lock, Caps Lock ndi Scroll Lock, timaphethira kamodzi n'kuthima. Makiyibodi ena a USB amangoyatsa ka Num Lock kokha, koma chinachake chimawala ndithu.

Choncho zimitsani kompyuta, khalani pansi, maso pa timagetsito, kenako yatsani.

Ngati palibe kamene kaphethira, magetsi sakufika ku kiyibodi, ndipo vuto lili pa pulagi, pa nthambo kapena pa bowo lakumbuyo kwa kompyuta. Ngati taphethira koma kenako pabwera uthenga wa vuto kapena kulira kosaleka, kawirikawiri pali batani lina lokanirira pansi. Ngati taphethira, kompyuta n'kudutsa bwinobwino mpaka ku Windows, ndiye kiyibodi n'kudzafera kumeneko, muyang'ane mu Windows. Palinso kiyibodi imene imagwira bwino mu Windows koma siimva chilichonse Windows isanayambe; imeneyo nkhani yake ili mu BIOS.

Kuyesa kwina kosavuta: dinani Caps Lock kangapo. Kagetsi kake sikayaka pakokha, kompyuta ndi imene imalamula kuti kayake. Kakamayaka ndi kuthima, dziwani kuti kiyibodi ndi kompyuta zikumvana.

Ndipo musachite manyazi kubwereka kiyibodi kwa anansi kapena ku sukulu yapafupi. Yobwerekayo ikagwira ntchito pa kompyuta yanu, yanu ndiye yadwala. Yanu ikakagwira ntchito pa kompyuta ya anansi, vuto lili pa kompyuta yanu. Mphindi khumi za kusinthanaku zimapulumutsa munthu ku ulendo wa m'tauni ndi ndalama ya minibasi.

Pulagi yozungulira ija

Makiyibodi ambiri akale ali ndi pulagi yozungulira yotchedwa PS/2. Kampani ya IBM ndi imene inayamba nayo mu 1987, pa makompyuta ake otchedwa Personal System/2, ndipo inakhala ikugwiritsidwa ntchito zaka zambiri ngakhale USB itabwera mu 1996. M'kati mwake muli timano tachitsulo 6 ndi kapulasitiki kamodzi kolondolera. Kumbuyo kwa kompyuta kumakhala mabowo awiri ofanana ndendende: lapepo ndi la kiyibodi, lobiriwira ndi la mausi.

Apa ndi pamene pamagona mavuto ambiri a pakhomo. Wina wasuntha tebulo kuti akolope, nthambo zazuka, ndiye pobwezera wabaya kiyibodi pa bowo lobiriwira ndi mausi pa lapepo. Zimalowa bwinobwino popeza mabowowo ndi ofanana, timagetsi n'kuphethira popeza magetsi alipo konseko, koma pa makompyuta ambiri palibe chimene chimagwira ntchito. Tengani tochi, gwadani kumbuyoko muone mitundu. Ngati mitundu inafufutika kapena kompyutayo ndi yakale kwambiri moti ilibe mitundu, pambali pa bowo lililonse pamakhala kachithunzi kosindikizidwa pa chitsulo. Makompyuta ena apambuyo pake ali ndi bowo limodzi lokha, theka lapepo theka lobiriwira. Limenelo limalandira chilichonse mwa ziwirizi.

Lamulo lalikulu la PS/2 ndi lakuti siizulidwa kapena kubayidwa kompyuta ili choyaka. Anthu tinazolowera fulashi, imene timangobaya ndi kuzula mmene tafunira, koma PS/2 sinapangidwe choncho. Kompyuta imaifunafuna kamodzi kokha, nthawi yoyatsa. Mukaibaya Windows itatseguka kale, nthawi zambiri siiona mpaka mutayatsanso. Choopsa kwambiri n'chakuti kubaya choyaka kungaotche kafyuzi kakang'ono kamene kali pa motherboard pafupi ndi bowolo. Pa makompyuta ena kafyuziko kamabwerera kokha kakazizira, koma pa ena akale kakapsa kapsa, bowo n'kufa. Choncho nthawi zonse muzimitse kaye, mubaye, muyatse.

Zulani pulagiyo muiyang'ane pa dzuwa. Timano take ndi tating'ono ndipo timapindika munthu akamakakamiza uku akupotokola mumdima. Dzino lopindika limawongoleka mukalitenga mofatsa ndi kachipangizo kozulira nsidze, kapena kulilowetsa kunsonga kwa pensulo yodina ija imene mulibe mtovu wake, n'kulikankha pang'onopang'ono. Muwongole kamodzi, osabwerezabwereza, chifukwa lingathyoke. Pa timano 6 tija, tinayi ndi timene timagwira ntchito: tiwiri ta magetsi ndi tiwiri ta mauthenga. Limodzi mwa amenewo likathyoka, kiyibodi yatha pokhapokha atasintha nthambo. Yang'ananinso m'bowo la kompyuta. Kapulasitiki kolondolera kaja kamathyokera m'katimo, ndipo pulagi ina iliyonse imakana kulowa mpaka mutakatulutsa ndi singano, kompyuta itazulidwa kukhoma. Pobaya, kamuvi kapena mbali yophwatalala ya pulagi ndi imene imakusonyezani koloza. Ikakana kulowa, tulutsani muyang'anenso, mphamvu sizifunika.

Nthambo yokha nayo ifufuzeni ndi zala kuyambira ku pulagi mpaka polowera m'kiyibodi. Makoswe amaitafuna, mwendo wa mpando umaiponda, ndipo polowera m'kiyibodi pamaduka m'kati chifukwa chokungidwa, kunja kukuoneka bwino. Ngati timagetsi tikuyaka ndi kuthima mukamagwedeza nthambo pamalo ena, mwapeza podukapo.

Mawu pang'ono pa timaadaputa. Pali kaadaputa kakang'ono kapepo kamene mbali ina ndi bowo la USB, mbali ina ndi pulagi ya PS/2. M'kati mwake mulibe chilichonse chanzeru, ndi mawaya okha. Kamagwira ntchito ndi makiyibodi okhawo amene anapangidwa kuti azimva njira zonse ziwiri, ndipo ambiri ogulidwa masiku ano sakumva PS/2. Ambiri agula kaadaputaka n'kuganiza kuti bowo la kompyuta lafa pamene lili bwino. Ngati mukufuna kubaya kiyibodi ya PS/2 pa bowo la USB, funani adaputa yanthambo imene ili ndi kachotupa pakati. Mmenemo muli kachipu komasulira. Mukapeza kiyibodi ya pulagi yozungulira yaikulu, ya timano 5, imeneyo ndi ya m'badwo wam'mbuyo kwambiri, wa IBM PC/AT ya mu 1984, ndipo imafuna adaputa yakeyake.

Kiyibodi ya USB imene BIOS sikuiona

Yambani ndi kusintha bowo. Mabowo a USB akutsogolo kwa bokosi la kompyuta amalumikizidwa ndi kanthambo m'kati ndipo ndi amene amaonongeka msanga chifukwa cha mafulashi a tsiku ndi tsiku. Bayani kumbuyo, pa mabowo amene ali pa motherboard penipeni, osadzera pa kachipangizo kochulukitsa mabowo. Ngati pali mabowo akuda ndi abuluu, sankhani lakuda. Abuluu ndi a USB 3.0, ndipo Windows 7 sinabwere ndi madalaivala ake, choncho kiyibodi ikhoza kufera pamenepo. Zulaninso zina zonse za USB, monga pulintala, modemu ndi foni imene mukutchaja, chifukwa chimodzi chikakhala ndi vuto chimatha kusokoneza zinzake poyatsa.

Pa makompyuta a kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000, BIOS ili ndi malo otchedwa "USB Legacy Support" kapena "USB Keyboard Support". Akakhala pa "Disabled", kiyibodi ya USB imatha kukhala yosamva mpaka Windows itatseguka. Tsiku lililonse simungazindikire, koma tsiku limene kompyuta yaima n'kupempha F1, mumasowa chochita. Njira yake ndi kubwereka kiyibodi ya PS/2, kulowa nayo mu BIOS, n'kusintha malowo kuti akhale pa "Enabled". Polowa mu BIOS mumadina batani lina mobwerezabwereza mukangoyatsa: F2 pa Dell, F10 pa HP ndi Compaq, F1 pa IBM ndi Lenovo zambiri, Delete pa makompyuta ambiri ochita kumanga. Mukasintha, sankhani potulukira pamene pali mawu akuti "Save". Sinthani chinthu chimodzi chokhacho chimene mwabwerera. Mu BIOS muli zinthu zina zimene mukazikhudza Windows imakana kutseguka, choncho jambulani sikirini ndi foni musanasinthe kalikonse.

Pa BIOS ya Award mulinso malo otchedwa "Halt On". Mukawaika pa "All, But Keyboard", kompyuta siimanso chifukwa cha kiyibodi. Zimathandiza ngati bowo la PS/2 linafa ndipo mukudalira USB yokha. Pa makompyuta atsopanoko, "Fast Boot" ikakhala yoyatsa imatha kudumpha kiyibodi ya USB pofuna kufulumira, izimitseni muone.

Kiyibodi yopanda nthambo, muyambe mwasintha mabatire. Imene ili ndi kachipangizo kobaya pa USB imamveka mu BIOS monga ya nthambo, koma ya Bluetooth nthawi zambiri imadikira Windows.

Batire laling'ono ndi kuthimathima kwa magetsi

Ngati uthenga wopempha F1 ukubwera tsiku lililonse, ndipo tsiku ndi nthawi pa kompyuta zikubwerera zaka zambiri m'mbuyo, mwina kiyibodi ilibe vuto n'komwe. Pa motherboard pali batire lasiliva lofanana ndi ndalama yachitsulo, lolembedwa CR2032, la mavoti 3. Ntchito yake ndi kusunga nthawi ndi zonse zimene munasankha mu BIOS pamene kompyuta ili chozima. Limakhala zaka zingapo, koma kompyuta ya kaunjika imafika nalo litatopa kale, ndipo limatha msanga ngati kompyuta imakhala nthawi yaitali yozula kukhoma. Likatha mumaona mawu monga "CMOS checksum error", ndipo "USB Legacy Support" ija munaiyatsa ikhoza kubwerera pa "Disabled".

Batireli limapezeka kwa okonza mawotchi ndi m'mashopu a zamagetsi. Posintha, zulani nthambo ya magetsi kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi pafupifupi 15 kuti magetsi otsalira athe, tsegulani chivundikiro cham'mbali, gwirani kaye chitsulo cha bokosilo ndi dzanja, kenako kankhani kachitsulo kogwira batire, limadumpha lokha. Latsopano liikeni mbali yolembedwa + ili pamwamba. Mukatero lowani mu BIOS mukonze tsiku ndi nthawi. Batire lakalelo musalisiye pa tebulo. Mwana akalimeza limaotcha kummero m'maola ochepa ndipo lingathe kupha. Zikachitika thamangirani naye ku chipatala nthawi yomweyo. Kabokosi kachitsulo kamene nthambo ya kukhoma imalowamo musakatsegule konse, kamasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula.

Kuzula kukhoma ndi kudina batani kwa masekondi 15 kuja ndi mankhwala paokha. Magetsi akathima mwadzidzidzi kapena akabwera mophethiraphethira, kachipu koyang'anira kiyibodi kamatha kusokonezeka, ndipo kuzimitsa ndi batani chabe sikukadzutsa chifukwa motherboard imalandirabe magetsi pang'ono nthambo ikadali kukhoma. Yesani zimenezi musanatsegule chilichonse.

Batani lokanirira

BIOS ikapeza batani lodinika nthawi yoyatsa, imaona ngati kiyibodi yaonongeka. Pa IBM, HP ndi Compaq mumaona nambala 301; pa ena mawu akuti "Stuck key". Kulira kosaleka kuja kumabwera chifukwa batanilo likutumiza chilembo chomwecho mosalekeza mpaka kompyuta kusowa pochisunga. Choyamba onani ngati palibe buku, foni kapena nsalu yovundikira imene yatsamira pa kiyibodi. Kenako, kompyuta ili chozima, dinani batani lililonse, limodzilimodzi, mzere ndi mzere, osaiwala a F pamwamba ndi a manambala kumanja, amene anthu sawakhudza kawirikawiri. Chala chimamva lokanirira: limatsika molemera, limabwerera mochedwa, kapena lakhala kale pansi poyerekeza ndi anzake.

Chimene chimamata kwambiri ndi shuga. Tiyi, thobwa kapena zakumwa za m'botolo zikadonthera, madzi amauma koma shuga amatsala n'kugwira batani, ndipo nyerere zimatsatira. Nyenyeswa za buledi, makoko a mtedza, fumbi la m'chilimwe ndi mphemvu zofera m'kati nazo zimatsekereza. Zulani kiyibodi, itembenuzeni chafufumimba pamwamba pa nyuzipepala, muimenye pang'ono kumsana. Mudzadabwa ndi zotuluka. Pitirizani ndi mswachi wakale wouma m'mipata yonse.

Likakanirabe, lichotseni. Jambulani kaye kiyibodi yonse ndi foni kuti musadzasokoneze malo a zilembo. Lowetsani nsonga ya supuni yaing'ono pansi pa batani n'kutukula mowongoka. Limatuluka ndi kaphokoso kakuti thu. Mabatani aakulu, monga lalitali lodumphira mpata, Enter ndi Shift, ali ndi kawaya kachitsulo pansi kamene kamakola m'tizingwe tiwiri tapulasitiki, choncho muone mmene kakhalira musanakoke. Mabatani ochotsawo atsukeni m'madzi ofunda a sopo, aume mpaka m'kati. Pamalo pamene anali pukutani ndi kansalu konyowetsa pang'ono ndi spiriti. Parafini, petulo ndi mafuta ophikira musayandikize: zina zimadya pulasitiki, zina zimaitana fumbi.

Makiyibodi wamba m'kati mwake muli timapepala tapulasitiki titatu tosanjikizana, tiwiri tili ndi timizere tasiliva toyendamo magetsi, ndipo pamwamba pake pali labala ya timitu tobwezera mabatani m'mwamba. Mukamasula masikuluwu kumsana mungathe kutsuka labalayo, koma timizereto musatikwechese, timafufutika. Madzi akangotayikira pa kiyibodi, izuleni nthawi yomweyo, tembenuzani, ndipo muisiye pamthunzi podutsa mphepo masiku awiri athunthu. Pambaula kapena pa dzuwa la mu Okutobala pulasitiki imapindika. Kuibaya idakali yonyowa ndi kumene kumaipha. Mukaona kuti mabatani angapo afa limodzi ngakhale mwatsuka, mzere wina waduka m'kati, ndipo pamenepo kugula ina n'kwanzeru kuposa kulipira wokonza.

Mabatani a laputopu musawazule chonchi. Ali ndi timapulasitiki topingasa tosachedwa kuthyoka. Bayani kiyibodi ya USB muone ngati ikugwira; ngati yam'katiyo ikupitiriza kulemba yokha, wokonza angathe kuzula kalamba kake m'kati inu n'kumagwiritsa ntchito yakunja.

Ikafera mu Windows

Ngati mukutha kulowa mu BIOS ndi kuyenda ndi mabatani a mivi, kiyibodi ili moyo. Kuti mulowe mu Windows, gwiritsani ntchito mausi: pa sikirini ya pasiwedi, pakona yapansi, pali kachizindikiro ka "Ease of Access" kamene kamatulutsa kiyibodi ya pa sikirini. Mukalowa, onani "Filter Keys". Imayaka yokha wina akagwira Shift yakumanja kwa masekondi 8, zimene ana amachita posewera magemu, ndipo ikayaka kompyuta imanyalanyaza batani lililonse lodinidwa mwachangu, kiyibodi n'kuoneka ngati yafa. "Sticky Keys" imayaka Shift ikadinidwa kasanu. Zonse zimazimitsidwa mu Control Panel kapena Settings. Zikakanika, tsegulani Device Manager, chotsani dzina la kiyibodi pansi pa "Keyboards", n'kuyatsanso kompyuta; Windows imaipezanso yokha.

Pa malaputopu akale, J, K ndi L zikamatulutsa 1, 2 ndi 3, Num Lock ndi yoyatsa. Izimitseni, nthawi zina pamodzi ndi batani la Fn. Ndipo @ ikamasinthana malo ndi chizindikiro cha mawu ogwidwa, kiyibodi yanu ndi ya UK pamene Windows ikuiwerenga ngati ya US, kapena mosemphanitsa. Zimenezi zimakanitsa pasiwedi yolondola ngati ili ndi zizindikiro, ndipo zimakonzedwa pa malo osankhira chilankhulo.

Mukamapita kwa wokonza kapena kukagula ina

Ngati kiyibodi yobwereka yakananso pa mabowo onse, vuto lili pa motherboard, ndipo apo pakufunika wodziwa. Jambulani uthenga wa pa sikirini, nyamulani kiyibodi yanu pamodzi ndi bokosi, ndipo muwauze zimene mwayesa kale. Nenani momveka kuti asafomate. Akaumirira kuti n'kofunika, ayambe akopera mafayilo anu pa fulashi kapena pa hadi disiki ina inu mukuona.

Pogula kiyibodi ya kaunjika, onani kaye kumbuyo kwa kompyuta yanu kuti mudziwe bowo limene lili moyo. Pemphani wogulitsa aibaye pa kompyuta yake, atsegule Notepad, inu mudine zilembo zonse, manambala, Enter, Backspace, Shift zonse ziwiri ndi mivi musanapereke ndalama. Ngati kompyuta yanu ili ndi bowo lapepo logwira ntchito, kiyibodi yakale ya PS/2 musaitaye mukagula ya USB. Ikulungeni m'jumbo, timano take titetezeke, muisunge pouma, chifukwa tsiku limene batire la CR2032 lidzathe mudzaifuna polowera mu BIOS.